Chaka Chimene Zitsulo Zinagwa pa Ayezi

Thoko ndi Yamiko, ana anga, mutu uno ndaulemba m'Chichewa dala, ngakhale ndikudziwa kuti muuwerenga modumphadumpha ngati munthu woyenda paminga. Vutikani nawo. Ndinu amene munkandiyankha m'Chingerezi ine ndikukufunsani m'chinenero cha kwathu, ndiye lero ndi nthawi yanga. Apa ndikufuna mudziwe za ntchito imodzi yokha imene ndinaikonda muno mu Canada, ndi momwe inandipulumukira m'manja.

1991

Tinabwera ku Toronto chifukwa cha amayi anu, amene anapeza ntchito ya unamwino pachipatala china cha m'tauni. Ine ndinabwera ngati katundu wawo. Kwathu ndinali munthu wa ntchito yanga. Ndinkayeza madzi m'mitsinje, kuyenda panjinga yamoto kuchokera ku Linthipe mpaka ku Bua, kuwerenga pamene madzi afika pa zitsulo zimene tinkazika m'mphepete mwa mtsinje. Kuno mapepala anga anangowayang'ana ngati ndawalemba ndekha kukhitchini.

Amene anatichingamira pabwalo la ndege anali a Fanuel Kachingwe, a kwathu ku Dedza. Mudzi wawo ndi wathu unangolekana ndi dambo. Inu mumawakumbukira ngati ankolo a maswiti aja. Anabwera ndi majekete m'chithumba, n'kutiveka pomwepo anthu akuona, uku akuti, "Achimwene, kuno kuzizira sikupereka moni." Tinagona pabalaza pawo ku Etobicoke mpaka titapeza nyumba yathu, ndipo ndi iwo amene anandipezera ganyu yonyamula makatoni kunyumba yosungiramo katundu ku Brampton. Ndinanyamula makatoniwo zaka ziwiri. Sindinkadandaula pamaso pa amayi anu, koma m'basi ya m'mawa ndinkadzifunsa ngati ndinawolokera nyanja zimenezi.

1993

A Kachingwe ankagwira ntchito panyumba yosamalira okalamba. Panali gogo wina amene ankamusambitsa ndi kumudyetsa, ndipo mwana wake wamkazi ankabwera kudzamuona Loweruka lililonse. Amenewo anali Mayi Keswick, aphunzitsi a payunivesite yaikulu ya m'tauni. A Kachingwe pakamwa sipankatsekeka. Anawafunsa ntchito yawo, ndipo atamva kuti amayeza ayezi m'mapiri komanso akusowa wowathandiza, anangoti, "Munthu wanuyo ndili naye." Tsiku lomwelo anandiimbira foni. "Achimwene, Lolemba muvale taye. Ndakugulitsani kale, musakandichititse manyazi."

Ofesi ya Mayi Keswick inali m'chipinda chapansi penipeni, moyandikana ndi mapaipi otenthetsera nyumba. Anali mayi wamfupi, wa imvi, wotsimphina pang'ono mwendo wakumanzere. Anandifunsa ngati ndimadziwa chinthu chotchedwa glasiya. Ndinati ayezi amene ndimamudziwa ine ndi wa m'firiji. Anaseka, kenaka anandifunsa chimene tinkachita madzi osefukira akakokolola chitsulo chathu pamtsinje. Ndinati tinkalawirira kukazika china, chifukwa masiku opanda muyeso ndi dzenje limene sulingakwirirenso. Atamva zimenezo ananena kuti taye ndimuvule, pansi pano sitivala zimenezo.

Tsiku limenelo ndi limene anandiphunzitsa zimene ndikufuna nanunso mumve. Glasiya ndi mtsinje, kungoti ndi wa ayezi, ndipo umayenda pang'onopang'ono moti diso silingaone. Pamwamba pa mapiri aatali, sinowo, ayezi wofewa ngati ufa amene amagwa m'nyengo yozizira, sasungunuka yense chilimwe chikafika. Wotsalayo amakwiriridwa ndi wa chaka chotsatira, amapanikizika mpaka kusanduka ayezi, ndipo kulemera kwake kumamukankhira kumunsi kwa chigwa. Kumunsiko n'kofunda, choncho ayezi amasungunuka n'kukhala madzi a m'mitsinje. Nditamva zimenezi ndinati, "Ndiye kuti ndi nkhokwe. Kumwamba mukuthira, kumunsi mukutapa." Ndinachita kuwafotokozera chimene nkhokwe ili, ndipo anakondwa nalo liwulo moti mpaka tsiku lomaliza ankalitchula, molakwitsa ndithu. Zothira zikaposa zotapa, glasiya amanenepa n'kutsikira kumunsi. Zotapa zikaposa zothira, amaonda, ndipo mapeto ake amabwerera kumtunda. Ntchito yathu inali kudziwa, chaka ndi chaka, kuti mbali iti yapambana.

Glasiya wathu anali kutali, kumapiri a kumadzulo kwa dziko lino, ndipo tinkapitako kawiri pachaka. Mu Meyi tinkakumba maenje mu sinowo mpaka kufika pa ayezi wa chaka chatha, kuyeza kuya kwake ndi kulemera kwake. Zimenezo ndiye zothira. Kumapeto kwa Ogasiti tinkapita kukawerenga zitsulo. Awa anali mapaipi aatali a aluminiyamu amene tinkawazika mu ayezi titaboola dzenje, kuyambira kumunsi mpaka kumwamba. Ayezi akamasungunuka, chitsulo chimanka chionekera, ndipo gawo loonekeralo limakuuza zimene zatapidwa. Chitsulo chikatsala pang'ono kuzuka, umaboola dzenje lina pomwepo n'kuchizikanso. Ukachedwa chimagwa, ndipo chitsulo chogona pansi sichikuuza kanthu. Anthu anali atayeza glasiya ameneyu mwanjira imeneyi chaka chilichonse, osadumphitsa, kuyambira Mayi Keswick ali mtsikana wa pasukulu.

Panali lamulo limodzi limene silinkakambidwa kawiri. Pa ayezi sayenda munthu mmodzi. Pali ming'alu yakuya imene sinowo amaiphimba pamwamba, choncho mumayenda awiri, mutamangana chingwe m'chiuno, kuti wina akamira mnzake amugwire. Mnzawo wina wa Mayi Keswick anathera mumng'alu wotere kalekale, ndipo pankhani imeneyi sankaseka ndi munthu. Ulendo wanga woyamba ndinkangoponda pokhapokha pamene Mayi Keswick aponda, ndi mantha. Koma nditagwada pa chitsulo choyamba ndi tepi m'manja, mtima unakhala pansi. Inali ntchito yanga ija ya ku Linthipe, madzi ake okha ndiwo anali ouma.

Miyezi ina yonse ndinkakhala m'chipinda chapansi chija. Ndinkakwera basi ndi sitima yapansi kuchokera ku Etobicoke, kukadula mapaipi, kukonza makina oboolera, kujambula mapu. Ku tchalitchi anzathu a ku Zambia ankandiseka. A Tembo a ku Chipata, amene anali mkulu wathu, ankati, "Imwe a Mbewe, anzanu tithawa sinowo, imwe muchita kumulondola ku phiri?" Ine ndinkangoseka nawo. Zaka zimenezo ndinkayenda chowongoka.

1995 mpaka 1997

Kenaka boma linayamba kumanga lamba, ndipo amene anathina ndi ife a pansi. Choyamba anachotsa mnzanga amene tinkagwira naye ntchito. Kenaka ophunzira amene ankatiperekeza ku phiri anasiya kubwera, chifukwa panalibe chowalipirira ulendo. Galimoto tinkachita kubwereka. Mapaipi opindika, amene kale tinkataya, ndinayamba kuwawongola ndi nyundo ndi kuwalumikiza. Tinatsala awiri, ine ndi Mayi Keswick, ndipo pachingwe chija panalibenso wachitatu woti n'kulowa m'malo mwa wina.

Chaka chilichonse akuluakulu ogawa thandizo ankafunsa funso lomwelo, loti bwanji osangosiya, popeza pali maglasiya ena amene akuyezedwa ndi anthu ena. Yankho la Mayi Keswick linali limodzi. Ankati muyeso wathu sunadukepo, ndipo chinthu chosaduka chotere sungachigule kwina. Ndi yankho limeneli limene linkatisunga pantchito.

Uku glasiya ankanka naonda ife tikuona. Kumapeto kwa chilimwe pamakhala mzere pa glasiya: kumwamba kwake kuli mbuu, sinowo wa chaka chimenecho akadalipo, kumunsi kwake kuli ayezi wamaliseche, wotuwa ndi fumbi. Mzere umenewu ukakhala kumunsi ndiye kuti nkhokwe ili bwino. Ife tinkaupeza utakwera kumtunda zaka zambiri kuposa zimene tinkaupeza utatsika. Choipa china n'chakuti sinowo woyera amabweza dzuwa, pamene ayezi wotuwa amalimwa, ndiye sinowo akachoka msanga kusungunuka kumathamanga. Pamalo amene tinkamangira chingwe chaka changa choyamba panadzakhala miyala yokhayokha, ndipo tinkayenda kamtunda ndithu tisanaponde ayezi. Tsiku lina tikudya buledi pamwala ndinawafunsa ngati kuyeza kwathu kungaimitse zimenezi. Anati, "Ayi, Wilson. Koma munthu akamadwala payenera kukhala wina womuyang'anira, woti adzanene zoona za mmene zinayendera."

1998

Chaka chimenechi nyengo yozizira inali yofewa ndipo chilimwe chinabwera msanga. Mu Meyi tinapeza sinowo wochepa. Pofika Julayi Mayi Keswick ankangokhalira kuimba foni kumapiri kufunsa za kutentha, ndipo tsiku lina anaika foni pansi n'kunena kuti zitsulo za kumunsi sizifika kumapeto kwa Ogasiti. Anakonza zoti tinyamuke pakati pa mweziwo. Ndinali nditamanga kale mapaipi m'mitolo.

Kutatsala masiku ochepa kuti tinyamuke, a Kachingwe anagwa pantchito akukankha gogo wina panjinga ya odwala. Pofika nawo kuchipatala anali atatisiya kale. Unali mtima.

Mukukumbukira nyumba yawo ija itadzaza nsapato pakhomo. Azimayi anali pansi m'chipinda ndi amake Tadala, mkazi wa malemu, akuimba nyimbo za maliro. Ife abambo tinali pabalaza pomwe paja ndinagona nditangofika m'dziko lino. Tsiku lachiwiri masana a Tembo anatiitanira kukhonde. Abale kumudzi anali atanena kuti mwana wawo akagone kwawo, ndipo pamenepo panalibe wotsutsa. Funso linali lakuti ndani aperekeze. Amake Tadala mapepala awo okhalira muno anali asanatuluke, akanapita sakanaloledwa kubwerera, ndipo Tadala anali wakhanda. Ena onse anali a ku Blantyre, a ku Zomba, a ku Lusaka, osadziwa ngakhale pokhotera kuchoka pamsewu wa tala.

A Tembo sanazungulire. "Manje a Mbewe, mtembo siuyenda weka monga katundu. Amene adziwa amayi ake a malemu ndimwe. Amene adziwa njira ndimwe."

Ndinati ndili ndi ulendo wa kuntchito umene sungasinthidwe. Palibe anandidzudzula. Bambo wina anangoyang'ana pansi n'kunena motsitsa mawu kuti, "Paja ntchito imeneyo anakupezerani ndani?" Sanafunse mwachipongwe, ndikhulupirira ankangofuna kukumbukira. Koma funsolo linandilowa mpaka m'mafupa.

Amayi anu sanandiuze chochita. Anangoti, "Bambo a Thoko, mapanga awiri avumbwitsa. Sankhani limodzi, ine ndili nanu."

M'mawa mwake ndinakwera sitima kupita kwa Mayi Keswick. Ndinawapeza akuyesa makina oboolera. Ndinawafotokozera zonse, kuti mapepala otumizira maliro atenga masiku, kuti ulendo ndi wautali, kuti sindingangotula bokosi pabwalo la ndege n'kutembenuka. Ndikanabwerako Seputembala ali mkati. Mayi Keswick ankawadziwa a Kachingwe, poti ndi a Kachingwe amene anatseka maso a bambo awo, gogo ankamusambitsa uja.

"Kodi a kampani ya ndege sangamutengere okha? Abale ake akamulandira kumeneko," anafunsa. Sanafunse mwankhanza. Kwawo zimatheka.

Ndinati, "Mayi, kwathu maliro sayenda okha."

Anapukuta manja ndi kansanza. Kenaka anati, "Inde. Zimenezo ndikuzimva." Ndinawapempha kuti apeze munthu wina. Anati ayesa. Ndinatsala pang'ono kuwauza kuti angopita okha, kumunsi kuja ming'alu imaoneka, koma ndinadziwa yankho lake ndipo ndinachita manyazi ndi ganizolo. Pondiperekeza pakhomo anati, "Pita ukamusiye kwawo mnzako. Mwina kuzizira kubwera msanga."

Anayesadi. Anaimbira aliyense amene ankadziwa kuyenda pachingwe, koma inali nyengo imene onse oterowo ali kumapiri awo, ndipo yunivesite sikanalola munthu wosaphunzitsidwa. Zimenezi ndinazimva nditabwerako.

Ulendo wa maliro sindiufotokoza wonse. Paliponse posinthira ndege ndinkapita pawindo kukafunsa ngati bokosi lakwezedwa, mpaka mayi wina wa pamenepo anatopa nane. Ku Lilongwe abale anabwera ndi lole. Titafika kumudzi, amayi a malemu, gogo wosaona bwino, anandiitanitsa m'nyumba ya siwa. Anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri, n'kundifunsa ndine mwana wa yani. Nditatchula bambo anga anagwedeza mutu movomera. Kenaka anafunsa funso limodzi lokha.

"Mwana wangayu, mtunda wonsewu, anabwera yekha?"

Ndinati, "Ayi, amayi. Ndinali naye."

Anati, "Basi." Ndipo m'pamene anayamba kulira.

Nditabwerera ku Toronto sindinamasule n'chikwama chomwe. Tinanyamuka ndi Mayi Keswick sabata yomweyo. Kuzizira kuja sikunabwere msanga. Titakwera pa glasiya, chitsulo choyamba tinachipeza chitagona m'ngalande ya madzi osungunuka. Chachiwiri chimodzimodzi. Tinayenda tsiku lonse titamangana chingwe, tikutola mapaipi ngati mapesi a chimanga mphepo itadutsa. Za kumunsi zonse zinali pansi, za pakati zambiri zinali pansi, ndipo mzere wa sinowo uja unali utakwera mpaka pafupi ndi nsonga ya phiri, kumene sitinauonepo. Maso athu ankaona kuti glasiya wataya ayezi wambiri kuposa chaka china chilichonse chimene tinamudziwa. Koma wambiri bwanji, panalibenso chotiuza. Tinazika zitsulo zatsopano, poti n'zimene tinabwerera, zakugwa zija n'kubwera nazo. Madzi akatayika saoleka.

Pobwerera kugalimoto ndinati, "Mayi, pepani." Anandiyankha kuti, "Sunasungunule ndiwe ayeziyu, Wilson." Sanadzaitchulenso nkhaniyi. Kunena zoona, akanandikalipira bwenzi zitandipepukira.

1999

Akuluakulu aja atafunsanso funso lawo la chaka ndi chaka, Mayi Keswick analibenso yankho lawo lija. Muyeso unali utaduka, ndipo unadukira pa chaka chimene aliyense ankafuna kuchidziwa. Anayesa kuyerekeza kuchokera ku zitsulo zakumwamba zimene zinatsala chiimire, koma anali munthu wosafuna kunama, ndipo analemba poyera kuti n'zongoyerekeza. Mwina akanatitsekera ndithu chaka china, zimenezo sindingadziwe. Chimene ndikudziwa n'chakuti anatitsekera chaka chimenecho. Ulendo wa mu Meyi sunachitike, ndipo zitsulo zimene tinazika zija palibe anapita kukaziwerenga.

Mayi Keswick anapuma pantchito. Tsiku lomaliza tinasesa chipinda chapansi chija tili awiri, anthu a zitsulo zakutha atabwera kudzatenga mapaipi. Mayi Keswick anasolola paipi imodzi pamtolo, yopindika pang'ono, imodzi mwa amene tinatola atagona, n'kundipatsa. Ndinakwera nayo sitima yapansi nditaiimika ngati ndodo ya mbendera, anthu akundiyang'ana. Mwezi wotsatira ndinabwerera ku Brampton, ulendo uno kunyumba yozizira yosungiramo nkhuku ndi nsomba, ndipo ndinakhala kumeneko mpaka msana utakana. A Tembo ankati ayezi sanafune kundisiya. Nthabwala imeneyo sindinkaiseka.

Mwandifunsapo chifukwa chimene ndimatuluka pabalaza pa TV akamaonetsa mapiri a ayezi akusungunuka. Si kuti sindikhulupirira, Yamiko, monga unandinenera tsiku lija. Ndimatuluka chifukwa zimandipweteka. Anthu ankaona kuti ndinachita bwino, ndipo amake Tadala mpaka lero amanditcha achimwene. A Tembo atandiitaniranso kukhonde lero, ndikhoza kukweranso ndege ija, chifukwa funso la gogo uja linkafunika munthu woliyankha. Koma musamve ngati nkhaniyi inathera pabwino. Ntchito imene anthu anaigwira mosadumphitsa kuyambira ndisanadziwe n'komwe kuti kunja kuno kuli sinowo inadukira m'manja mwanga, ndipo mayi amene anandikhulupirira pamene ena onse ankandiona ngati wonyamula makatoni anamaliza ntchito ya moyo wake ndi dzenje pakati. Ndimadandaula, ndipo ndidzafa ndikudandaula. Mnzanga uja anandipatsa ntchito imeneyi, ndipo ndinaitaya pomuperekeza.

Mayi Keswick anamwalira zaka zingapo zapitazo. Kumaliro awo kunali anthu ochepa, ndipo mwambo unatha msanga, monga amachitira kuno. Onse atalowa kukamwa tiyi, ine ndinatsala pafupi ndi bokosi mpaka galimoto itabwera kudzalitenga. Munthu wina wa m'nyumbamo anandifunsa ngati ndikudikira munthu. Ndinati ayi, ndikungoperekeza.

Paipi ija mukuidziwa. Ndi imene ili m'chipinda chochapira, imene amayi anu amapachikapo malaya, imene iwe Thoko unafuna kutaya pamene tinkasamuka n'kudabwa kuti ndakwiyiranji. Mukaiyang'anitsitsa chakumapeto muona timizere tocheka ndi mpeni. Ndinkacheka ndine, pamene ayezi wafika, ulendo uliwonse. Mzere womaliza ndi wa mu Meyi 1998. Kumunsi kwake paipiyo ndi yosalala mpaka kumapeto.

Ndikadzapita musadzaitaye. Ndipo mmodzi wa inu adzakwere nane ndege.